Pa Njinga Kuchokera ku Nkhotakota Mpaka ku Dar es Salaam

Tsiku limene ndinakatenga njinga yanga kwa okonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika wa pa boma pano, bambo ena a kabaza, amene atha zaka zambiri akunyamula anthu ndi matumba a mpunga, anandifunsa kumene ndinkafuna kupita ndi masipoko atsopano, matayala atsopano komanso keriyala yowotcherera kawiri. Nditawauza kuti ndikupita ku Dar es Salaam, iwo sanaseke monga anachitira anzawo, koma anangoti, "Achimwene, mukamva lole kumbuyo musadikire kuti muione ndi maso, tsikani m'phula." Ndinawathokoza mwaulemu, ngakhale kuti mumtima ndinkaona ngati palibe chachilendo chimene andiuza, popeza aliyense amene anakulira m'mbali mwa msewu wa M5 amadziwa kuti msewuwu ndi wopapatiza, kuti m'mphepete mwake munadyeka, ndiponso kuti pa milatho ina pamadutsa galimoto imodzi yokha.

Za ulendo wa m'dziko muno sindinena zambiri. Ndinanyamuka mu Juni, nthawi ya mwera, ndipo mphepoyo inkandikankha kumsana podutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay. Ndinakwera chitunda cha ku Mzuzu, ndinatsetsereka ku Chiweta, ndipo patatha sabata imodzi ndinali pa mlatho wa Songwe, nditapalasa pafupifupi makilomita 500.

Pa chipata cha Kasumulu sipanali vuto, chifukwa Mmalawi safunika viza polowa m'dziko la Tanzania, ndipo magalimoto kumeneko amayenda kumanzere monga kwathu kuno. Chimene chinandisokoneza ndi nthawi. Wotchi yawo ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso m'Chiswahili maola amawawerenga kuyambira kutuluka kwa dzuwa, moti 7 koloko m'mawa amaitcha ola loyamba. Mayi amene ankayang'anira nyumba yogona alendo usiku woyamba atandiuza kuti chipata amatsekula "saa kumi na mbili", ine ndinadandaula kwambiri poganiza kuti andisunga m'katimo mpaka masana, pamene iwo ankanena 6 koloko m'mawa. Ndinachita manyazi ndithu, chifukwa kwathu ku Nkhotakota, kumene a Jumbe analamulira ndi kuchita malonda awo a minyanga ndi akapolo, mawu a Chiswahili si achilendo, ndipo agogo anga ankachilankhula pang'ono, koma ine ndili mwana sindinkatchera khutu.

Kuchokera pa malire msewu umakwera osalekeza mpaka ku Tukuyu, kudutsa m'minda ya nthochi ndi tiyi, kenako umakafika pa mphambano ya Uyole, kufupi ndi Mbeya. Pamenepo ndi pamene ndinalowa mu msewu waukulu wochokera ku Zambia kupita ku Dar es Salaam, umene unakonzedwa n'cholinga choti dziko la Zambia likhale ndi njira ina yofikira kunyanja yamchere pambuyo poti azungu a ku Rhodesia adzilengeza okha kuti ndi odziimira paokha mu 1965. Masiku ano msewuwu umanyamula katundu wa Zambia, wa Congo ndi wathu womwe, ndipo mathankala a mafuta amene timawaona akudutsa ku Karonga ambiri amachokera komweko. Kuchokera ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam pali makilomita opitirira 800, ndipo pa mtunda wonsewo sindikukumbuka mphindi khumi zimene ndinapalasa osamva injini.

Malangizo a bambo a kabaza aja anandithandiza, koma posakhalitsa ndinazindikira kuti anali theka chabe la nkhani. Malole olemera sanali oopsa kwenikweni, chifukwa amamveka akadali kutali, amayenda pang'onopang'ono pa zitunda, ndipo madalaivala ambiri ankaliza hutala kamodzi mwachidule n'kundipatsa mpata ngati kutsogolo kuli bwino. Oopsa anali mabasi akuluakulu a maulendo ataliatali, ndipo ngozi yake inkachokera kutsogolo. Basi ikafuna kupitirira mndandanda wa malole, imalowa kumbali yako yonse yathunthu, imakuthwanimitsira magetsi, ndipo dalaivala amakhala ataweruza kale kuti munthu wa pa njinga achoka yekha. Ku Makambako ndinagula kagalasi koonera kumbuyo n'kukamangirira pa handulo ya kumanja, kuti makutu ndi kagalasiko azisamala zakumbuyo pamene maso akuyang'ana kutsogolo. Ndinaphunziranso kudzuka usiku n'kuyamba ulendo kukangoyera, kupuma nthawi imene mabasi ochuluka akudutsa motsatizana, ndi kusayenda konse dzuwa likalowa.

Pa Kitonga, kupitirira Iringa ndi Ilula, msewu umatsetsereka mokhotakhota m'mbali mwa phompho, ndipo malole amatsika ngati akukwawa, mpweya wonse ukununkha mabuleki opserera. Amene anatsikapo ku Chiweta angaganize kuti akudziwa, koma kusiyana kwake n'kwakuti pa Kitonga sumakhala wekha ngakhale kamphindi: kutsogolo kuli thankala, kumbuyo kuli basi yofuna kudutsa pokhota, ndipo m'mbali mwakhala anyani odikirira zimene apaulendo amataya. Ndinaima katatu kuti malimu azizire, popeza anatentha moti sindikanatha kuwagwira ndi chala, ndipo chubu chikhoza kuphulika ndi kutentha koteroko. Kumunsi kwake kuli chigwa chodzaza ndi milambe, ndipo pa Ruaha Mbuyuni amayi amagulitsa anyezi m'zidebe zoyalidwa m'mbali mwa msewu monga mmene kwathu timayalira mpunga ndi usipa. M'nkhalango ya Mikumi, mmene msewu umadutsa pakati pa nyama zakutchire kwa makilomita pafupifupi 50, ndinakweza njinga pa lole yopanda katundu, ndipo sindikuona chifukwa chobisira zimenezi. Njovu ndinaziona ndili pamwamba, ndipo zinandikwanira.

Ngozi yanga inachitika nditadutsa Morogoro, pakati pa Chalinze ndi Mlandizi. Pa Chalinze pamakumana msewu wochokera ku Tanga ndi Moshi ndi umene ndinkayendamo, moti magalimoto amawirikiza, ndipo phula linali litapindika ndi kulemera kwa malole n'kupanga mizere iwiri yakuya ngati ya m'munda. Basi ina inatulukira kuseri kwa thankala n'kulunjika pamene ndinali. Ndinachita monga mwa chizolowezi, ndinakhotetsa kuti nditsike m'phula, koma pamalopo m'mphepete munali motalika kuposa chikhatho, ndipo tayala lakutsogolo litagwera pansi, chikwama chakumbuyo chinandikokera kumbali. Ndinakhuluzika pa miyala, bondo linasupuka, masipoko atatu anathyoka, ndipo basi ija sinachepetse n'komwe liwiro. Mayi wina amene ankagulitsa nanazi pafupi anabwera ndi madzi m'chigubu, akubwereza mawu akuti "pole sana", anatsuka balalo, kenako anatuma mnyamata kuti andiperekeze kwa wokonza njinga. Mkuluyo anatembenuza njinga miyendo m'mwamba, anaika masipoko ena, n'kuwongola limu pogwiritsa ntchito chala chachikulu ngati muyeso, ndendende mmene amachitira anzake pansi pa mango kwathu. Sitinamvane chilankhulo, koma mtengo tinagwirizana polemba manambala pa dothi.

Chifukwa cha zimenezi ndinalowa mu Dar es Salaam ndili ndi mantha aakulu, poganiza kuti ngati kutchire kunali kotero, mumzinda ndiye kukakhala kotani. Kuyambira ku Kibaha msewu unakulitsidwa kwambiri, ndipo ukadutsa Mbezi ndi Kimara umafika pa Ubungo pamene pali misewu yodutsana m'mwamba. Kuchokera pa Kimara, pakati pa msewu pali njira yapadera ya mabasi aatali amene amawatcha mwendokasi, amene anayamba kuyenda mu 2016, ndipo m'njira imeneyo njinga siloledwa. Kwina konseko n'kosakanikirana: minibasi zimene amati daladala zimaima paliponse pamene kondakitala waona munthu, tinjinga ta matayala atatu totchedwa bajaji timalowa pampata uliwonse, anyamata okankha ngolo amayenda pakati pa magalimoto, ndipo njinga zamoto za bodaboda zimachokera mbali zonse, zina moyang'anizana nawe kumbali yako yomwe.

Pa Manzese ndinaima m'mbali kwa nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera, mpaka panadutsa bambo wina pa njinga yakale yakuda, atasanja mathireyi a mazira pa keriyala mpaka kupitirira mutu wake. Ndinaganiza kuti munthu amene amadutsa pamenepa tsiku ndi tsiku ndi katundu wosweka chotero ayenera kudziwa kanthu, choncho ndinamutsatira. Sankathamanga ndipo sankaima mwadzidzidzi. Akafuna kulowa kumanja ankatulutsa dzanja, kuyamba kupendekera pang'onopang'ono kuti aliyense aone cholinga chake, ndipo magalimoto ankamusiyira kampata kokwanira iye yekha, kamene ine ndinkalowamo msanga kasanatsekeke. Ndili pambuyo pake ndinazindikira kuti hutala kumeneko si chipongwe monga timaimvera kwathu. Nthawi zambiri imangotanthauza kuti wina ali pambali pako ndipo usasinthe njira. Ndinaonanso kuti pa mphambano zikuluzikulu dzanja la wapolisi wovala zoyera limaposa maloboti, moti amene akuyang'ana nyali yobiriwira osayang'ana wapolisiyo ndiye amalakwa. Bambo wa mazira uja anakhotera kwake tisanafike pa Magomeni, osadziwa n'komwe kuti anali ndi wophunzira.

Sindikufuna kukometsa zinthu, chifukwa mayendedwe amenewa amavulaza anthu, makamaka okwera bodaboda, ndipo ndikaona mmene njinga zamoto za kabaza zikuchulukira ku Salima, ku Lilongwe ndi pano pa boma, anyamata ambiri alibe zipewa zoteteza mutu ndiponso sanaphunzire malamulo a pamsewu, ndimada nkhawa kuti tikulowera komweko. Komabe, kwa ine wa pa njinga yopalasa, kuthithikana kwa mumzinda kunali kopepukirapo poyerekeza ndi msewu wa ku Chalinze, pa chifukwa chimodzi chokha: pamene magalimoto adzazana palibe amene angathamange, ndipo aliyense amayang'anitsitsa chimene chili patsogolo pa galimoto yake. Masiku atatu amene ndinakhala kumeneko ndinazungulira ku Kariakoo pakati pa ogula ndi ogulitsa, ndinamvako Chichewa ndi Chitumbuka kwa amalonda athu amene amakapikula zovala, ndipo palibe amene anandikhudza ngakhale ndi galasi la galimoto.

Tsiku lomaliza ndinapalasa mpaka ku Kivukoni, pamene pantoni imawolotsa anthu kupita ku Kigamboni, ndipo ndinalawa madziwo ndi chala kuti nditsimikize kuti ndi amchere. Pobwerera sindinayesenso mwayi kawiri: ndinamasula tayala lakutsogolo, njinga inalowa m'malo oikamo katundu pansi pa basi, ndipo ndinakhala pawindo la imodzi mwa mabasi omwe aja, ndikuona anthu a pa njinga akuthawira kuudzu ife tikudutsa.

Nditafika kunyumba ndinakawapeza bambo a kabaza aja pamalo awo a nthawi zonse, ndipo ndinawafotokozera za mabasi obwera kutsogolo n'kuwaonetsa chipsera cha pa bondo. Anamvetsera mpaka kumapeto, anafunsa ngati mpunga wa ku Kyela ukuposa wa kuno, kenako anagwira kagalasi kaja, kamene kanang'aluka pakona tsiku la ngozi, n'kufunsa kuti, "Nanga aka, achimwene, mukagwiritsabe ntchito?" Ndinakamasula pomwepo, ndipo mpaka lero kali pa handulo ya njinga yawo.