Zitosi za nkhunda, ayironi wa m'magazi ndi mnzanga wosapemphera

Nditauza amalume kuti teremu ino ndikuphunzira za nyenyezi ndi chiyambi cha chilengedwe, anaseka n'kundifunsa kuti, "Ndiye mphwanga, nyenyezizo zidzakugulira thumba la feteleza?" Ndinasowa poyankhira. Inenso m'kalasimo ndinalowa chifukwa phunzirolo linali losathawika, osati kuti ndinkalikonda.

Chimene chinayamba kundikoka ndi nkhani ya nkhunda. Mu 1964, asayansi awiri, Arno Penzias ndi Robert Wilson, ankagwiritsa ntchito chimlongoti cholandirira mafunde a wailesi ku Holmdel, New Jersey, ku America. Kulikonse kumene ankachilozetsa, usana ngakhale usiku, chinkatola kaphokoso kosaleka. Anakayikira nkhunda zimene zinamanga chisa mkati mwake, motero anazichotsa n'kupala zitosi zonse. Kaphokoso kaja kanalipobe. Kenako zinadziwika kuti ankamva kutentha kotsalira kuchokera pamene chilengedwe chinali chikadali khanda, zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo. Mu 1978 anawapatsa mphoto ya Nobel. Ndinaseka ndekha mulaibulale: anthu akupala zitosi osadziwa kuti akumvetsera chinthu chakale kuposa dziko limene apondapo.

Ndinakula ndikumva kuti Big Bang, ganizo loti chilengedwe chinali ndi chiyambi chotentha choterocho, ndi chibonga cha anthu okana Mulungu. Mbiri yake ikunena zina. Amene anawerengetsa mu 1927 kuti chilengedwe chikufutukuka, n'kudzanena kuti chinayambira pa kanthu kamodzi, anali Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium. Amene anakana ganizolo mwamphamvu anali Fred Hoyle wa ku Britain, munthu wosapembedza, ndipo ndi iyeyo amene analitcha Big Bang pa wailesi ya BBC mu 1949. Papa Pius XII atanena mu 1951 kuti sayansi ikuchitira umboni za kulengedwa kwa dziko, Lemaître sanakondwe nazo. Sanafune kuti chikhulupiriro chitsamire pa masamu amene mawa akhoza kukonzedwa. Apa ndinachita manyazi pang'ono, chifukwa ine ndakhala ndikutsutsana ndi anthu pa WhatsApp ndisakudziwa ngakhale dzina la wansembeyu.

Hoyle yemweyo, ngakhale anaphonya pa za chiyambi, analasa pa nkhani ina. Mu 1957, iye pamodzi ndi Margaret Burbidge, Geoffrey Burbidge ndi William Fowler anafotokoza mmene zinthu monga kaboni, okosijeni ndi ayironi zimapangikira mkati mwa nyenyezi. Pachiyambi kunali pafupifupi haidrojeni ndi hiliyamu basi. Zinazo zinaphikidwa m'nyenyezi, n'kumwazika nyenyezizo zitafa. Sabata imene tinkaphunzira zimenezi, achemwali anga oyembekezera anabwera kuchokera kusikelo ndi timapilitsi toonjezera magazi. Ndinayang'ana kapepala kake n'kuona kuti muli ayironi. Ndiye kuti chimene akumeza m'mawa uliwonse kuti mwana akule bwino chinachokera m'nyenyezi zimene zinazima dzuwa lathu lisanayake.

M'gulu lathu lowerengera limodzi muli mnyamata wina amene sapemphera, ndipo sabisa. Kwathu kuno anthu otere ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 2.1 pa 100 aliwonse alibe chipembedzo. Tsiku lina magetsi atathima tinasiya mabuku, ndipo ndinamufunsa funso limene ndinalisunga kwa nthawi yaitali. "Aise, ngati ukuti munthu akafa zathera pomwepo, ukuvutikiranji ndi sukulu? Moyo ukuuona ngati chiyani?"

Sanakwiye. Anandifunsa kuti, "Mu Febuluwale, m'nyumba mukatsala thumba limodzi la chimanga, mumalitaya chifukwa choti litha?" Anati kwa iye moyo ndi thumba limodzilo. Zinatenga zaka mabiliyoni kuti fumbi la nyenyezi lifike pokhala munthu woti n'kufunsa mafunso, ndipo munthu ameneyo sadzabwerezedwanso. Anapitiriza kuti popeza iye sayembekezera bwalo lina loweruza kutsogolo, wolakwiridwa ayenera kuthandizidwa lero lomwe, akadali moyo.

Mawuwo anandikumbutsa a George Thindwa a bungwe la anthu osapembedza la Association for Secular Humanism, amene kwa zaka zambiri akhala akumenyera nkhondo agogo onamiziridwa ufiti, ena mwa iwo atatsekeredwa m'ndende. Lamulo la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, koma m'midzi agogo amaponyedwabe miyala, nthawi zina ndi anthu amene Lamulungu sajomba kutchalitchi. Zikuwawa kulemba, koma n'zoona.

Sindinagwirizane naye pa zonse. Ndinamuuza kuti pamaliro a mwana, mayi wofedwa sungamutonthoze ndi nkhani ya nyenyezi. Anavomera, koma anati iye pamaliro amapita kukawaza nkhuni ndi kukumba nawo manda, zolankhula amasiyira ena. Ine kwaya sindinasiye, ndipo ndikaimba za zakumwamba zolalikira ulemerero wa Mulungu, tsopano m'mutu mwanga mumabwera milalang'amba yambirimbiri, osati nyenyezi zochepa za pamwamba pa denga lathu. Chimene ndasiya ndi kuganiza kuti wosapemphera amaona moyo ngati wotchipa. Ndinkangobwereza zomva, ndisanakhalepo pansi ndi mmodzi wa iwo.

Nditapita kumudzi patchuthi, ndinayesa kuwayankha amalume. Ndinawauza kuti GPS ya m'foni yawo ikanawasocheretsa pakanapanda masamu a Einstein okonza kusiyana kwa nthawi pakati pa masetilaiti ndi pansi pano. Anangoti, "Ine njira ya kudimba ndimaidziwa." Tili pakhonde madzulo, ndinangotchula mongocheza kuti kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kutipeze. Anakhala chete kanthawi, akusenda nzimbe.

"Ndiye litazima masana, tikhoza kumalimabe mphindi 8 tisakudziwa?"

Ndinati inde. Anaitana azakhali kukhitchini kuti adzamve okha.