Denga lansalu la ku Durban

Alamu anga ndi owotcherera zitsulo, ndipo ali ndi chizolowezi chogogoda chilichonse chimene achiona kuti amve kulira kwake. Titafika pa Moses Mabhida Stadium ku Durban m'mawa wa Lachiwiri, anagogoda geti, anagogoda chitsulo chogwirira pamasitepe, kenako anakweza maso n'kungoti kakasi. Chimene ankafuna kugogodacho chinali kutali, dzanja silikanafikako.

"Alamu, si lona limeneli?" anandifunsa chonong'ona, ngati akuopa kuti eni ake amva.

Inenso ndinkaganiza choncho. Bwaloli ndinkalidziwa pa TV kuyambira mu 2010, tsiku lija Puyol anagoletsa ndi mutu Spain n'kutulutsa Germany m'ndime yachiwiri kwa yomaliza ya World Cup, koma maso onse anali pampira, denga ndani ankaliona. Mayi amene ankatiyendetsa m'bwalomo anaseka atamva za lona. Anati ndi nsalu ndithu, koma yolukidwa ndi ulusi wa galasi n'kukutidwa ndi PTFE, Teflon yemwe uja amapangitsa kuti dzira lisamatirire m'chiwaya. Yonse pamodzi ndi masikweya mita 46,000.

Chonyamula nsaluyo ndi uta wachitsulo wotalika mamita 350, umene pakati pake umakwera kupitirira mamita 100 kuchokera pansi. Mbali imodzi uli ndi miyendo iwiri imene imakumana n'kukhala umodzi, mofanana ndi chilembo cha Y chapambendera ya South Africa. Kuchokera pa utawo zingwe zachitsulo zimatsika mbali zonse kukagwira mkombero wa bwalo, ndipo nsalu imakungidwa pakati pa zingwezo.

Mawu oti kukunga ndi amene anandimasulira zonse. Tinakwera mpaka mipando yakumwamba kwenikweni, mphepo yochokera kunyanja ikukupiza malaya athu, koma dengalo phee, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Nsalu payokha ilibe mphamvu yoima. Ukaisiya lende mphepo imaimenya uku ndi uku mpaka kung'amba. Ukaikunga ngati chikopa cha ng'oma, n'kuipinda kuti mbali ina ikhotere m'mwamba, mbali ina pansi, imauma gwa. Mphepo ikafuna kuinyamula, zingwe za m'malo otsika a dengalo zimaikokera pansi, ndipo mvula ikailemetsa, zingwe za m'malo okwera zimaigwira. Tili pamwambapo tinkaona bwino mizere imene zidutswa za nsalu zinalumikizana. Alamu anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali kufunafuna ulusi wosokera. Panalibe. Amalumikiza ndi kutentha, kusanjikiza m'mphepete n'kupsereza mpaka ziwirizo zigwirane. Atamva zimenezo nkhope yawo inawala. "Ndiye kuti nawonso ndi owotcherera anzanga," anatero.

Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi kuwala. Kunja dzuwa linali phwee, loti munthu n'kutsinzina. Pansi pa dengalo kunali kowala bwinobwino popanda getsi ngakhale limodzi loyaka, koma kuwala kwake kofewa, kopanda zithunzithunzi zakuda, ngati uli m'kati mwa chigoba cha dzira. Ndinatambasula dzanja kuti ndione chithunzithunzi chake pampando, chinangooneka mwa apo ndi apo. Nsaluyo imalowetsa gawo chabe la dzuwa, lina imalibweza kumwamba, n'chifukwa chake simutentha ngati pansi pa malata. Pakati pa bwalo anasiyapo pululu kuti kapinga azipeza dzuwa ndi mvula yake.

Kuyera kwakenso kuli ndi nkhani. Nsalu ya PTFE ikamachoka kufakitale imakhala yotuwa mofiirira, ndipo ndi dzuwa limene limaiyeretsa pakapita miyezi. Fumbi silikakamira, mvula ikagwa imatsuka yokha. Chinthu choyera kwambiri chikamakalamba, ine ndinali ndisanachionepo.

Madzulo kunyumba yogona alendo ndinafufuza pafoni, n'kupeza kuti denga lotere lili ndi abale ake. Ku Jeddah, malo ofikira ndege a anthu opita ku Hajj anafoleredwa ndi matenti 210 a nsalu yomweyi kalekale mu 1981. Allianz Arena ya ku Munich, yotsegulidwa mu 2005, inatsata njira ina: mapilo a pulasitiki wopyapyala wa ETFE opopedwa mpweya, amene usiku amayaka mofiira Bayern ikamasewera. Kupepuka kwa madenga oterewa n'kumene kumalola kufolera malo aakulu chonchi popanda nsanamira zotchinga maso a oonerera. Ndisaname, zovuta ziliponso. Denga la bwalo la Metrodome ku Minneapolis, ku America, limene linkaima ndi mpweya wopopa, linang'ambika n'kugwa mu Disembala 2010 chipale chofewa chitaunjikana pamwamba. Ndipo phokoso lakunja nsalu siitchinga kwenikweni, choncho holo yofuna bata ingafunike kuganiza kawiri.

Potuluka tsiku limenelo kunayamba kuwaza. Ndinatsegula ambulera, alamu n'kundiimitsa pakati pa njira. Anaigogoda ndi chala pamwamba, inalira ngati kang'oma. Kenako anaitsekako pang'ono kuti nsalu ikhwepe, anagogodanso, sinalire. Anachita zimenezi katatu konse, anthu akutilambalala, ine mvula ikundilowa m'khosi.