Mmene ndimayezera kuti pulsar ili patali bwanji

Ndisanayang'ane n'komwe pulsar imene ndikufuna, nyenyezi yakufa yozungulira mwaliwiro imene mafunde ake a wailesi amatifika mothwanima, ndimayamba ndasakasaka quasar yoyandikana nayo pathambo. Ma quasar, mitima yowala kwambiri ya milalang'amba, ali kutali zedi moti saoneka kusuntha, ndiye amakhala chikhomo changa. Zonse zimene ndimayeza pambuyo pake ndi mpata wa pakati pa pulsar ndi chikhomocho.

Chimene ndimafuna ndi parallax. Dziko likamazungulira dzuwa, pulsar imaoneka ngati ikusendera uku ndi uku chaka ndi chaka, koma pang'ono zedi. Kusenderaku ndiye parallax, ndipo pulsar ikatalikira kumachepa. Ikakhala pa kiloparsec imodzi, mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 3,260, parallax yake ndi milliarcsecond imodzi basi, ngati kuona kanthu ka masentimita awiri uli pa makilomita 4,000. Mbale imodzi yolandira mafunde a wailesi singathe zimenezi. Ndimapempha nthawi pa VLBA, mbale 10 za mamita 25 iliyonse, zomwazikana kuchokera ku Mauna Kea ku Hawaii mpaka ku St. Croix, ndipo zimene zajambula amakaziphatikiza ku Socorro, New Mexico. Poti pulsar imathwanima n'kuzima, ndimapempha kuti atenge kanthawi kamene ikuwala kokha, phokoso lotsalalo atayiretu.

Chimene chimandidyera nthawi ndi ionosphere, gawo la kumtunda kwa mlengalenga lodzaza ndi ma electron. Ma pulsar ambiri amamveka bwino pa mafunde a frequency yotsika, motero timajambula cha pa 1.4 mpaka 1.7 GHz, ndipo mafunde amenewa ionosphere imawachedwetsa mosinthasintha, mbale iliyonse mwakemwake. Quasar ikatalikirana ndi pulsar, mafunde awo amadutsa mbali zosiyana za mlengalenga, ndiye zimene ndakonza pa quasar sizigwirizana bwinobwino ndi za pulsar. N'chifukwa chake ndimalolera chikhomo chofooka bola chikhale pafupi kwambiri, chokwana m'diso limodzi la mbale pamodzi ndi pulsar. Ena amathamangira quasar yowala kwambiri ngakhale ili patali; ine ayi.

Kujambula ndimakuika pa miyezi imene kusenderako kwafika pachimake, mbali iyi kenako mbali inayo pakatha miyezi 6, ndipo ndimapitirira chaka. Pulsar payokha imathamanga, kawirikawiri makilomita mazanamazana pa sekondi, ndipo ukajambula nthawi yochepa ulendo wakewo sungausiyanitse ndi parallax. Pamapeto kompyuta imafufuza manambala asanu: awiri a malo, awiri a ulendo, imodzi ya parallax.

Kuwerengetsa komaliza n'kosavuta: 1 kugawa ndi parallax ya mu milliarcsecond kumapereka mtunda mu ma kiloparsec, ndipo kiloparsec imodzi ndi ma parsec 1,000. Parallax ya pulsar yotchedwa Vela inapezeka mu 2003 kuti ndi 3.5 milliarcsecond, kutanthauza ma parsec pafupifupi 287. Koma cholakwika chikakhala chachikulu poyerekeza ndi parallax yeniyeniyo, sindigawa mwachisawawa, chifukwa yankho limapendekera mbali imodzi. Ndikatero ndimayerekeza ndi mtunda umene NE2001 ndi YMW16, mapu a ma electron a mu mlalang'amba wathu, amalosera potengera ma electron amene mafunde a pulsar akumana nawo m'njira. Kafukufuku wa PSRπ wa mu 2019, wa ma pulsar 57, anaonetsa kuti pa ma pulsar ena kuloseraku kumaphonya kwambiri, ndiye ziwirizi zikasemphana ndimakhulupirira parallax.