Za mabuleki anga pa Khwekhwelere, musanazimve kwa ena

Inde, n'zoona, apongozi anandigwira pakhosi. Koma amene mukufalitsa nkhaniyi mukudumpha mbali yanga.

Probox ija inayamba kulira tswii kutsogolo miyezi itatu yapitayo. Chimalira choncho ndi kachitsulo kamene anakaika dala pa padi ya buleki (ija imapana disiki kuti tayala liime) kuti ikatsala mamilimita awiri kapena atatu kazikhula disiki, mwini galimoto amve. Ndinamva ndithu, n'kukweza wailesi. Mafuta a mabuleki atatsika m'kabotolo ndinangothiramo ena, chonsecho amatsika chifukwa padi ikamadyeka pisitoni yoikankha imatuluka kwambiri. Mafutawo, a mtundu wa DOT 3, ndinali ndisanawasinthepo chigulire galimoto, pomwe amafuna kusintha pa zaka ziwiri zilizonse poti amayamwa chinyezi, akatentha n'kuwira msanga.

Ndiye tikutsetsereka kulowera ku Golomoti, giya ili pa D, phazi pa buleki osachotsa. Apongozi kumbuyo akuti, "Bambo, chikupserera n'chiyani?" Ndinati ndi anthu ootcha makala. Pa khona lotsatira ndinaponda, phazi linangoti fwaa mpaka pansi ngati ndaponda papaya lakupsa.

Apa ndiye mumvetse. Mayi amene zaka 9 sitinapatsanepo moni wa pamanja, amene tikakumana pakhomo amayang'ana kumbali, anandikolekera manja onse awiri m'khosi. Mpango wawo unandiphimba diso lakumanzere. Ndinkamva fungo la mafuta awo odzola, mpweya wawo ukundiotcha khutu, akuitana Yesu ndi malemu amuna awo mosinthanasinthana. Phompho lili apo, koma ine mutu unali pa funso lina: kodi zikatere amapepesa ndani, ine kapena iwo? Mpaka ndinati, "Pepani amayi," osadziwa chomwe ndikupepesa.

Komabe wina akanakhala iye bwenzi pano tikuimba nyimbo za maliro. Ndinapopa buleki kangapo, giya n'kuitsitsira pa 2 kenako pa L, handibuleki n'kumaikoka pang'onopang'ono chala chili pa batani kuti matayala akumbuyo asakhwekhwereze. Tinakaima pa matumba a makala a mnyamata wina. Awiri anaphulika, ndinalipira atatu.

Makaniko anandionetsa mapadi atatsala chitsulo chokhachokha, madisiki onse awiri ali mizere ngati m'munda. Zimene zikanatha ndi mapadi okha zinatenga madisiki atsopano, mafuta atsopano ndi kuchotsa mpweya m'mapaipi a matayala onse anayi.

Apongozi anapitiriza ulendo pa minibasi. Nkhuku yawo anaisiya m'galimoto, mpaka pano sanaifunse.