Tinakaona amonke ofulula mowa ku Mount Saint Bernard

Loweruka lapitali ife Akatolika ochokera ku Malawi okhala ku Leicester, m'dziko la England, tinapita ku Mount Saint Bernard Abbey, nyumba ya amonke a Trappist kufupi ndi Coalville. Tinapitira mapemphero, poti n'kumene Wodala Cyprian Tansi, wansembe wa ku Nigeria uja, anakhala kuyambira 1950 mpaka pamene anamwalira mu 1964. Koma m'basi pobwerera nkhani inali ya mowa yokhayokha.

Amonkewa anakhazikika pamalopo mu 1835, ndipo kwa zaka zambiri ankadalira ng'ombe za mkaka. Mtengo wa mkaka utagwa anasiya ulimiwo, n'kuyamba kufulula mowa mu 2018. Anautcha Tynt Meadow, dzina la munda umene amonke oyambirira anafikirapo.

M'kasitolo kawo mabotolo ali pafupi ndi makorona ndi mabuku a mapemphero. Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu ataona zimenezi anagwira pakamwa. "Bambo a tcheya, zoona anthu a Mulungu n'kumafulula mowa?" A tcheya anawafotokozera kuti amonke amadya thukuta lawo, sakhalira kupempha, komanso kuti mowa suloledwa kutchedwa wa Trappist pokhapokha utafululidwa mkati mwa mpanda wa amonke, iwo akuyang'anira, phindu lake n'kupita kosamalira nyumbayo ndi kuthandiza osowa. Mayiwo sanakhutire kwenikweni, anangogula korona.

Enafe tinagula, ndipo tinakalawa madzulo kunyumba kwa a tcheya. Ndi wakuda mofiirira, thovu lake lochindikala losatha msanga. Fungo lake ndi la chimera chokazinga ndi chokoleti, ndipo ukamwa umayamba kutsekemera ngati zipatso zouma, kenako kuwawa pang'ono kukhosi. Pothira m'tambula pamafunika dzanja lofatsa, chifukwa yisiti amatsalira pansi pa botolo. Mnzathu wina anangokhuthula zonse, wake unachita mbuu.

Kabotolo kake n'kakang'ono, mamililita 330, koma mphamvu yake ndi 7.4 peresenti. Amene anazolowera kugugudiza Green ya kwathu achenjere, uwu ndi womwa pang'onopang'ono uli khale. Kwa ine kutsekemera kwake kunachulukirapo, moti botolo lachiwiri sindinalifune, ngakhale azibambo ena anati ndi nyama yootcha ukuyenda bwino zedi.

Tagwirizana zodzapitanso nyengo ya Lenti, ndipo mayi aja anenetsa kuti ulendo umenewo kusitolo adzalowa okha.