Mmene ndinalumikizira Commodore 64 ya amalume ku laputopu kudzera pa BBS

Commodore 64, kompyuta yakale, ilibe pobaya USB, ilibe Wi-Fi, ndipo madisiki ake a mainchesi 5.25 palibe laputopu ya lero imene ingawawerenge. Amalume anga a ku Area 25 anabwera nayo kompyutayi kuchokera ku England kumene anakachita maphunziro, ndipo pa iyo analembapo mbiri ya banja lathu monga anaimvera kwa akuluakulu amene pano anatisiya. Atandipatsa makinawo, draivu yowerenga madisiki yotchedwa 1541 ndi katoni ya madisiki, anangoti, "Mphwanga, zolembazi zituluke madisikiwa asanafe." Zipangizo zopangidwira ntchito imeneyi zilipo, monga ZoomFloppy ndi SD2IEC, koma ndi zoitanitsa kunja, ndipo nonse mukudziwa mmene kulipira kanthu kunja kumavutira. Ine ndinasankha njira ya zinthu zopezeka muno mu Lilongwe: kuichititsa kompyutayo kuganiza kuti ikuimba foni pa modemu (chipangizo cholumikizira kompyuta ku foni), pamene ikulankhula ndi laputopu imene ili pa tebulo lomwelo.

Musanaganize za mawaya, yambani ndi magetsi, ndipo apa ndikukupemphani ndithu. Kompyutayi inatuluka mu 1982, ndipo chibokosi chake cha magetsi chimatulutsa 5V ya DC ndi 9V ya AC. Chikakalamba, mbali ya 5V ija imatha kukwera, n'kuwotcha machipu a RAM, amene ndi ovuta kuwapeza kuno. Chifukwa makinawa ndi a ku England, pulagi yake ndi ya mano atatu ngati yathu ndipo magetsi athu a 230V amagwirizana nawo, moti mtima umafuna kungobaya kukhoma. Musatero. Ine ndinanyamula chibokosicho kupita nacho kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi ma TV ku Old Town. Atachiyeza ndi mita anapukusa mutu.

"Achimwene, ichi musachikhulupirire. Chikuoneka bwino pano, koma chikatentha chisintha."

Tinagwirizana kuti adule chingwe chake cha mapini 7, achilumikize ku chipangizo chatsopano cha 5V ndi thiransifoma ina ya 9V AC. Chithunzi ndinachitengera pa mawaya a AV kupita ku TV yakale, popeza makinawa ndi a PAL. Mawu akuti READY ataonekera pa sikirini yabuluu ija, ndinadziwa kuti ntchito ikhoza kuyamba.

Kumbuyo kwa kompyutayi kuli pobaya potchedwa user port, pa mapini 24, khumi ndi awiri pamwamba ndi ena pansi. Apansiwo amatchulidwa ndi zilembo, ndipo ofunika kwa ife ndi ochepa: M ndi potulukira uthenga, B ndi C ndi polowera uthenga ndipo amalumikizidwa pamodzi, N ndi ground. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mapiniwa amagwira ntchito pa 5V basi, pamene chingwe chenicheni cha RS-232, chija cholumikizira kompyuta ndi modemu, chimanyamula mphamvu yoposa pamenepo, ina yake ya negative. Mukabaya chingwe chotere mwachindunji mupha chipu ya 6526, imene imayendetsa user port. Njira ndi ziwiri: kuika chipu ya MAX232 pakati, kapena kugula kachipangizo ka USB kupita ku TTL (mphamvu yochepa ngati ya mapiniwa), kaja amagwiritsa ntchito ophunzira zamagetsi pa Arduino. Ine ndinatenga kachiwirika, n'kukaika pa 5V. TX yake (potulukira) inapita ku B ndi C, RX yake (polowera) ku M, ground ku N. Mawaya amapingasana choncho chifukwa pakamwa pa wina payenera kulunjika khutu la mnzake. Cholumikizira cha user port chimalowa ngakhale mutachitembenuza, ndipo pamwamba pake pamadutsa 9V, ndiye lembani "PAMWAMBA" ndi maka musanachibaye, ndipo bayani kompyuta ili yozimitsa.

Ndisanaike pulogalamu iliyonse ndinayesa wayawo. Pa laputopu, imene ili ndi Linux, kachipangizoko kanaoneka ngati /dev/ttyUSB0. Pa Windows kamaoneka ngati COM ndi nambala. Ndinatsegula minicom, pulogalamu yoonetsa zimene zikubwera pa chingwe, pa liwiro la mabiti 300 pa sekondi ndi kasanjidwe ka mabiti ka 8N1. Pa Commodore ndinalemba OPEN 2,2,0,CHR$(6), kenako PRINT#2,"MONI". Nambala 6 ikutanthauza liwiro la 300, ndipo 8 ndi la 1200. MONI anatulukira pa laputopu. Musadumphe kuyesaku, chifukwa zikadzakanika kutsogolo mudzakhala mukudziwa kale kuti vuto si waya.

Tsopano BBS, kapena kuti Bulletin Board System. Intaneti isanafale, munthu ankasiya kompyuta yake ili pa foni, ena n'kumaimbira kuti asiye mauthenga ndi kusinthana mafayilo. Yoyamba, CBBS, anaiyambitsa Ward Christensen ndi Randy Suess ku Chicago mu 1978, ndipo Christensen yemweyo ndiye anapanga XMODEM mu 1977, njira yotumizira mafayilo imene ndinadalira pa ntchito yonseyi. Pa laputopu ndinaika Synchronet, pulogalamu yaulere ya BBS yolembedwa ndi Rob Swindell. Mystic BBS nayo ndi yabwino, koma Synchronet inandikopa chifukwa imadziwa PETSCII, zilembo za makina a Commodore, ndipo ili ndi port 64, khomo la pa netiweki losungidwira makina a zilembo 40 pa mzere ngati Commodore 64. Mu scfg, pulogalamu yokonzera Synchronet, ndinapanga malo a mafayilo, n'kuwatcha dzina la banja lathu.

Wina angafunse kuti BBS yonseyi ya chiyani, pamene minicom yokha ikhoza kulandira fayilo. N'zoona. Koma mafayilo akakhala ambiri, mumatopa kudumpha pakati pa makiyibodi awiri. BBS ikangoyaka, zonse mumachitira pa Commodore, ndipo fayilo iliyonse imasungidwa ndi kufotokoza kwake, kuti iyi yachokera pa disiki iti ndipo ikukamba za ndani. Kwa ine chimenecho chinali chachikulu.

Pakati pa Commodore ndi BBS pamafunika modemu yongoyerekezera, ndiyo tcpser ya Jim Brain. Imamvera malamulo a modemu za Hayes, aja oyamba ndi AT, koma m'malo moimba nambala imalumikiza ku adiresi ya pa netiweki. Ndinatseka minicom kaye, popeza mapulogalamu awiri sangagwire chingwe chimodzi, n'kuyatsa motere: tcpser -d /dev/ttyUSB0 -s 1200 -i "&k0". Ka &k0 kaja kamauza tcpser kuti isadikire mawaya ena oletsa ndi kuloleza uthenga, amene ife sitinawalumikize. Ikakana kutsegula chingwe, onani ngati dzina lanu lili mu gulu la Linux lotchedwa dialout, lololedwa kutsegula zingwe zotere.

Mbali ya Commodore imafunanso pulogalamu ya terminal, yolankhulira ndi modemu. Mwamwayi mu katoni muja munali disiki yokhala ndi yakale yodziwa XMODEM. Ndinaiika pa 1200, n'kulemba AT. Yankho linali OK. Kenako ATDT127.0.0.1:64, ndipo panabwera CONNECT, Synchronet n'kuyamba kulemba mzere ndi mzere kundifunsa dzina. Adiresi ya 127.0.0.1 ndi laputopu yomweyo, ndiye palibe bandulo imene imadyeka. Intaneti ndinaifuna pokopera mapulogalamu pokha.

Choyamba chimene ndinachita ndi kutsitsira CCGMS kuchokera pa BBS kupita pa disiki yopanda kanthu, chifukwa ndi terminal yabwino kuposa yakaleyo ndipo imagwira 2400 pa user port. Potsitsa ndi XMODEM mumafunsidwa ngati fayilo ndi PRG kapena SEQ. Pulogalamu ndi PRG, pamene SEQ ndi fayilo monga ya zolemba. Ndikasintha liwiro pa CCGMS ndinkasinthanso pa tcpser. Mukaona zilembo zosamveka pa sikirini, kawirikawiri ndiye kuti mbali ziwirizi zasiyana liwiro.

Kutumiza kunali motere: pa BBS ndimasankha upload, kulemba dzina la fayilo, kusankha XMODEM, kenako pa CCGMS kutchula fayilo ya pa disiki. XMODEM imadula fayilo m'zidutswa za mabayiti 128, ndipo chidutswa chikafika cholakwika chimatumizidwanso. Pa 2400 pamadutsa mabayiti pafupifupi 240 pa sekondi. Disiki yodzaza, ya makilobayiti pafupifupi 170, ingatenge mphindi 12 powerengera chabe, koma zenizeni zimaposa, chifukwa 1541 imachedwa kuwerenga ndipo chidutswa chilichonse chimadikira yankho. Njira ya UP9600 yofulumizitsa ilipo koma imafuna mawaya ena, ndipo sindinaone chifukwa chothamangitsira madisiki a zaka zonsezi. Magetsi akathima pakati, laputopu imatsala ndi batire koma Commodore imazima, ndiye fayiloyo mumayambiranso. Choncho ndinkatumiza imodziimodzi, n'kumachonga mu kope.

Nditatsegula fayilo yoyamba pa laputopu, zilembo zazikulu zinali zazing'ono, zazing'ono zili zazikulu, ndipo kumapeto kunali tizizindikiro tachilendo. Palibe chinaonongeka. PETSCII imasanja zilembo mosiyana ndi ASCII ya pa laputopu, ndipo XMODEM imadzaza chidutswa chomaliza kuti chikwane 128. Kapulogalamu ka petcat, kamene kamabwera ndi VICE, pulogalamu yoyerekezera Commodore pa makompyuta a lero, kanawongola zilembozo, zotsala kumapeto ndinafufuta ndi manja. Fayilo yoyambirira ndinkaisunga osaikhudza, n'kumakonza kope lake, chifukwa mayina a anthu ndi midzi safunika kuwasintha mongoganizira. Pamene sindinamvetse ndinkasindikiza tsambalo n'kukawafunsa amalume.

Madisiki ena anakana. Anasungidwa m'chipinda chachinyezi nyengo zambiri za dzinja, ndipo mukasuzumira pa kazenera kake mumaona nguwi. Disiki yotere musaikakamize, chifukwa imadetsa kamutu kowerengera ka draivu, kenako ndi madisiki abwino omwe amayamba kukana. Ndinkapukuta kamutuko ndi thonje lonyowetsa ndi isopropyl, kudikira kaume, n'kuyesa ndi disiki yodziwika kuti ndi yabwino ndisanapitirize. Anguwiwo ndawaika padera m'bokosi louma kufikira nditapeza njira yowatsukira bwinobwino. Zimene zatuluka ndaziika pa laputopu, pa fulashi, ndipo ndatumiziranso achemwali anga ku Mzuzu kuti zisakhale m'nyumba imodzi.