Ana asanu omwe ndinataya ali m'chipinda momwemo

Aphunzitsi athu a sitandade 1 anatiuza kuti chilembo chilichonse chili ndi mawu ake, ukachiona uchitchule. Mayi aja sanapondeko ku Ireland.

Linali tsiku langa lachitatu pa ntchito yolera ana ku Galway, mzinda wa ku Ireland. Anawo analipo 12, a zaka zitatu ndi zinayi, ndipo ndinali nditawazolowera kale ndi khutu: Kiva, Nivu, Ifa, Tayigi, Siyasha ndi anzawo. Koma pepala la mayina awo ndinali ndisanalionepo. M'mawa umenewo abwana anandipatsa pepalalo nati ndiitane mayina, iwo akukalankhula ndi alendo ku ofesi.

Poyamba zinayenda. Jack anayankha, Emily anayankha. Kenako ndinafika pa Niamh.

"Niyamuhu!"

Zii. Ndinachonga kuti sanabwere. Lotsatira linali Caoimhe. Ndinaliyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira nsomba ya minga yambiri, kusowa poyambira.

"Kawoyimuhe!"

Ana anangoyang'anana. Pa Tadhg ndinayesa katatu, lilime likukana, mpaka ndinangoti "Tadihigi". Kamnyamata kena kanaseka mpaka kugwa pampando, ine n'kukadzudzula. Aoife ndi Saoirse ndinawaitana kuti Awoyife ndi Sawoyirise, nawonso sanayankhe.

Ana asanu ajomba. Koma nditawerenga mitu ndinapeza 12 ndithu. Apa m'pamene nzeru zanga zinandipweteka: ndinaganiza kuti a ku ofesi aiwala kulemba ana ena atsopano. Ndinatenga cholembera n'kuwonjezera mmunsi mwa pepala, ndi malemba okongola, Kiva, Nivu, Ifa, Tayigi, Siyasha. Mumtima ndikuti azungu nawonso amalakwitsa, mwayi wawo ndabwera.

Lamulo la pamalopo linali lakuti mwana akapanda kufika popanda uthenga, uimbire makolo. Ndinayamba ndi mayi a Kawoyimuhe. Dzina sindinalitchule, ndinaliopa.

"Mayi, pepani, mwana wanu sanafike kuno lero."

Anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu. Akuti anamusiya okha pakhomo pathu, anamuona akulowa. Pasanathe mphindi khumi anatulukira, tsitsi lili nyankhalala, nkhope itafiira psuu, makiyi a galimoto akunjenjemera m'manja. Kiva, amene nthawi yonseyi anali pamiyendo panga akundipaka phala pa juzi, anatsika n'kuthamanga: "Mami!"

Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Abwana ataona pepala lija anakhala pansi, kuseka mpaka misozi. Atapuma anandifotokozera kuti afabeti yakale ya Chiairishi ili ndi zilembo 18 zokha, ndipo v mulibe. Ntchito yake amagwira ndi mh ndi bh. Chimulu cha aoi chija amangoti "ii". Ngakhale dzina lawo lomwe ndinkamva kuti Shivoni amalemba Siobhán. Anandichenjezanso za kamzere kopendekeka ka pamwamba pa chilembo, kotchedwa fada: ukakasiya pa Seán umatsala ndi sean, kutanthauza chokalamba. Dzulo lake ndinali nditalemba choncho pa kapu ya mwana wa zaka zitatu. Ndinakhala chete.

Mayi a Kiva aja mtima utatsika, tinamwa tiyi, chifukwa kumeneko mlandu uliwonse umathera pa tiyi. Anandiuza kuti Caoimhe ndi wofatsa, wokongola. Niamh ndi kuwala, Tadhg ndi mlakatuli (yemwe uja wogwa pampando), Siobhán ndiye Chisomo weniweni, Mulungu ndi wachisomo. Saoirse ndi ufulu, ndipo linayamba kuperekedwa kwa ana m'zaka za m'ma 1920, dzikolo likumasuka ku ulamuliro wa Britain. Ndinati kwathunso ma Ufulu alipo, ife tinamasuka kwa omwewo mu 1964. Lomwe linandidabwitsa ndi Fiadh, lomwe amati Fiya: mu 2021 ndilo linaposa mayina onse a ana aakazi ku Ireland, koma tanthauzo lake ndi wakutchire. Kwathu mungamutche mwana Wakutchire apongozi ali moyo?

Ponyamuka, mayi aja anafuna kundionetsa kuti sanasunge mangawa. Anawerama n'kuwerenga baji ya pachifuwa panga, pomwe panalembedwa Mphatso. Kwa iwo ph ndi f.

"Zikomo kwambiri, Em... Fatso."

Anagwira pakamwa. M'Chingerezi mawu amenewo ndi onyoza munthu wonenepa, ndipo ine si wochepa thupi. Nkhope yawo inafiiranso kuposa poyamba paja.

Ndinawasiya avutike kaye pang'ono, ndikumaliza tiyi wanga, ndisanawauze katchulidwe kake.